Mwini Nyumba ndi Mwini Mbumba

Pa ubwana wanga wonse sindinamvepo kuti anthu awiri adana cifukwa ca utsi. Ndinakulira m'mudzi wina kufupi ndi Katete, ndipo kumeneko utsi unali wa pakhomo monga nkhuku ndi galu. M'khichini mwa agogo anga akazi munali mdima ngakhale dzuwa liri pamutu, pakuti tsindwi lonse linada bii ndi mwaye wa zaka zambiri. Pamwamba pa mafuwa anapacikapo cimanga ca mbeu kuti anankafumbwe asacilowe, ndipo pambali pace panali nyama ndi mbewa zimene anali kuumika. Madzulo utsi womwewo unali kupirikitsa udzudzu. Ife ana tikayamba kutsokomola ndi kupukuta misozi, agogo anali kungoti, "Sendera uko, utsi ulibe mano."

Moto umene tinali kuuopa unali wa lupsa, m'miyezi ya September ndi October, pamene udzu wauma ndipo mphepo iri kuomba. Koma ngakhale nyumba igwire moto, khomo linali limodzi ndipo linali pafupi. Munthu anali kungonyamula mwana ndi mphasa n'kutuluka, ndipo m'mawa mwace amuna a m'mudzi anali kupita kukadula mitengo, akazi kukamweta udzu. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti mwana wa mlongo wanga, amene nditi ndisimbe za iye, sanali citsiru kapena munthu wouma mtima. Iye analeredwa ndi utsi womwewo umene unalera ine.

Ndinapita ku England m'caka ca 2003, nthawi imene anamwino ambiri a m'Zambia anali kupita kumeneko kukagwira nchito m'zipatala. Nditasunga ndalama zaka zambiri ndinagula kanyumba m'mzinda wa Coventry, ndipo pambuyo pace, ana atakula, tinasamukira kwina ndi kusiya kanyumbako kuti tizicititsa lendi. Nyumba za mtundu umenewo zimamangidwa mondondozana m'mbali mwa mseu, iyi kugwirana ndi inzace, kotero kuti khoma limodzi likhala la mabanja awiri. Pansi pali khichini ndi cipinda cocezeramo, pamwamba pali zipinda ziwiri zogona, ndipo pakati pace pali makwerero amodzi opapatiza. Ukatsokomola usiku, wa kuseri kwa khoma akumva. Kuseri kwa khoma langa la kumanzere kunali mai wina wacizungu wokalamba, wokhala yekha, woyenda ndi ndodo.

M'caka ca 2022 mlongo wanga anandiuza kuti mwana wace wamwamuna ali kubwera, pamodzi ndi mkazi wace amene anapeza nchito m'nyumba yosamaliramo okalamba, ndiponso kamwana kao koyamwa. Inu mudziwa kuti pa mwambo wathu wa Acewa atsibweni ndiye mwini mbumba. Ana a mlongo wace akalakwa, mlandu ufika kwa iye. Akadwala, ayamba kuuzidwa ndiye. Cotero sindinaganize kawiri. Nyumba inali yopanda munthu, ndipo ndinawapatsa pa lendi yotsika kuposa imene mlendo akadalipira.

Tsono ku England mwini nyumba sangopereka kiyi ndi kulandira ndalama ai. Kuyambira pa 1 October 2015 lamulo linena kuti nyumba ya lendi ikhale ndi alamu ya utsi pa nsanjika iri yonse imene anthu akhalapo, ndi kuti mwini nyumba aone kuti alamuyo iri kugwira nchito pa tsiku limene wa lendi alowa. Alamu imeneyi ndi kacipangizo koyera, kakukulu ngati kambale ka ndiwo, komangirira ku siling'i, kamene kamalira mogonthetsa m'kutu kakamva utsi. Pa 1 October 2022 anaonjezera kuti mwini nyumba akauzidwa kuti alamu yafa, aikonze kapena aike ina, ndi kuti m'cipinda momwe muli boila kapena cotenthetsera coyaka moto mukhale alamu yacinanso, yomva mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide. Wonyozera lamuloli, khonsolo ikhoza kumlipitsa faindi yofika mapaundi 5,000.

Tsiku lopereka makiyi ndinatenga mpini wa tsace ndi kukanikiza batani la alamu ya pansi, kenaka ya pamwamba, ndipo zonse ziwiri zinalira. Ndinatulutsa pepala kuti mnyamatayo asaine kuti wazimva. Iye anaseka nati, "Atsibweni, mpaka pepala? Makutu ndiri nao." Inenso ndinaseka, koma anasaina.

Panapita caka. Lamulo lina lifuna kuti zipangizo za gasi m'nyumba ya lendi zipimidwe caka ciri conse ndi mmisiri wobvomerezeka, ndipo mu November 2023 ndinapita naye mmisiri wotere kunyumbako. Titangolowa pakhomo iye anakweza maso, naima. Inenso ndinayang'ana kumwamba. Alamu ya pansi inali itabvekedwa sokosi yakuda ya munthu wamkulu, ndipo sokosiyo inamangidwa bwino lomwe ndi mphira kuti isagwe. Ndinathamanga kukwera pamwamba. Alamu ya kumeneko inali yasa, cibvundikiro cace ciri lende, ndipo batire lace ndinalipeza pa zenera, litacita pfumbi. Pfumbi limenelo ndilo linandiuza kuti si za dzulo. Mmisiri uja sananene kanthu, anangondiyang'ana kamodzi ndi kupita ku boila. Ndinacita manyazi aakuru, monga munthu amene mlendo wampeza ali kudya m'mphika.

Mmisiri atacoka ndinamuitana mnyamatayo.

"Mphwanga, ici n'ciani?"

"Atsibweni, kanthu ako n'kamisala. Ndikangoika kapenta m'mafuta, kayamba kukuwa. Ndikaoca buledi, kakuwa. Apongozi anu afika m'mawa kucokera ku nchito ya usiku, angogona pang'ono, kakuwa, mwana adzuka, onse ayamba kulira. Tsiku lina agogo a kuseri aja anagogoda khoma. Nanga ndikadatani?"

"Nanga ya pamwamba?"

"Imeneyo inayamba kulira ngati kamwana ka nkhuku, pakati pa usiku, tswii, kenaka cete, tswii. Moto kulibe, utsi kulibe. Ndinacotsa batire kuti tigone."

"Liti?"

Iye anawerama, nati mwina m'mwezi wa March.

Ndinawerenga miyeziyo pa zala: isanu ndi itatu. Mtima wanga unatentha kotero kuti ndinaopa mau amene akadatuluka, ndipo ndinangocotsa sokosi ija, kukagula batire latsopano ku sitolo ya pafupi, kuliika, ndi kupita kwathu wosatsazika bwino.

Usiku umenewo sindinagone. Akadakhala mlendo, ndinaganiza, ndikadadziwa cocita. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndipo nditaganizitsa ndinaona kuti ngakhale kwa mlendo mphamvu za mwini nyumba n'zocepa kuposa m'mene anthu ayesera. Nyumba ukaicititsa lendi, makoma ndi ako koma pakhomo ndi pa mnzako. Sungalowe m'mene wafunira. Uyenera kulemba cidziwitso maola 24 usanafike. Sungacotse munthu ndi pakamwa. Nkhani yotere ipita ku khoti, ndipo itenga miyezi. Eni nyumba ena amene ndaceza nao amalemba m'pangano la lendi kuti wogwira alamu waswa pangano, ena amaopseza, ena amangotseka maso. Onsewo akumana ndi bvuto limodzi, lakuti mwini nyumba aona siling'i yace masiku awiri kapena atatu pa caka, koma wa lendi agona pansi pace masiku onse. Sokosi ibwerera pamalo pace galimoto yako isanakhote pa ngodya ya mseu.

M'mawa mwace ndinayamba kufufuza cifukwa cace kanthuko kanali kukuwira kapenta, ndipo zimene ndinapeza sizinandikondweretse, pakuti zinaloza ine. Maalamu a utsi ali a mitundu iwiri. Mtundu wakale uli ndi kadontho kakang'onong'ono ka citsulo cochedwa americium, kamene kacititsa kuti magetsi ocepa ayende mumpweya pakati pa timbale tiwiri. Tinthu ta utsi tikalowa pamenepo, magetsiwo acepa, alamu n'kulira. Mtundu umenewu umamva ngakhale tinthu tosaoneka ndi maso, totuluka m'mafuta otentha kapena pa buledi wopserera pang'ono. Mtundu wina uli ndi kanyali mkati ndi kadiso koyang'ana cam'mbali. Utsi weniweni ukalowa umwaza kuwalako, kadiso kaona, ndiyeno alamu ilira. Umenewu subvutika kwambiri ndi zophika. Ndipo m'khichini mwenimwenimo anthu odziwa saikamo alamu ya utsi konse. Aikamo yomva kutentha, imene imalira mpweya ukafika pa madigiri 58 kapena pafupi pamenepo.

Ine ndinagula za mtundu wakale cifukwa zinali zochipa, ndipo ya pansi ndinaimangirira mapazi awiri okha kucokera pa citseko ca khichini, cifukwa pamenepo ndipo makwerero anga anaima bwino. Amene anakhalamo kale anali mnyamata wosakwatira wodya za kusitolo, ndipo sanadandaule. Koma ife anthu a kwathu timakazinga. Tomato ndi anyezi ziyamba zalira m'mafuta, nsomba youma iyamba yaocedwa, nsima ipserera pansi pa poto. Kuika alamu yotere pakhomo la khichini ya munthu wa kwathu kuli monga kumangirira galu waukali pa njira ya kucitsime. Kulira kwa usiku kuja nakonso kunali ndi cifukwa cace: ndiko kucenjeza kuti batire latsala pang'ono kutha, ndipo kumayamba kawirikawiri m'bandakuca popeza nyumba ikazizira mphamvu ya batire lotopa itsika. Zimenezi sindinamuuze mnyamatayo pa tsiku la makiyi. Ndinamuonetsa kuti kanthuko kalira, koma sindinamphunzitse cinenero cace.

Komabe sindifuna kumcotsera mlandu wace, pakuti unalipo ndipo unali waukuru. Coyamba, sanandiuze. Ndinamfunsa pambuyo pace cifukwa cace sananditumizire mau, ndipo anati anacita manyazi kudandaula za nyumba imene anaipeza mwa cifundo. Manyazi amenewa ndiwadziwa bwino. Ndi ulemu wa kwathu, koma pano ulemuwo ukadatha kupha mwana. Caciwiri, ndipo ici ndico cinandipweteka, iye anaweruza yekha nkhani imene sinali yace yekha. Pobveka sokosi ija anasankhira mkazi wace wogona masana, anasankhira kamwana kosadziwa kutsegula citseko, anasankhiranso agogo a kuseri kwa khoma amene sangathe kutsika makwerero mofulumira. Palibe mmodzi wa iwo amene anafunsidwa.

Anthu ambiri ayesa kuti moto ukabuka usiku pfungo lidzawadzutsa. Si zoona. Munthu akagona tulo tatikuru mphuno yace siimdzutsa, koma khutu likhoza. Ndipo utsi wa m'nyumba zamakono si wa nkhuni za agogo uja. Mipando ya siponji, makapeti ndi mapulasitiki zikayaka zitulutsa utsi wakuda wodzala ndi poizoni. Mazenera a magalasi awiri ndi zitseko zothina, zimene zitsekereza cisanu kunja, zitsekereza utsiwo mkati. Ndipo makwerero amodzi aja asanduka cumuni cotengera utsi ku zipinda zogona. Ambiri amene amafa pa moto wa m'nyumba amagonjetsedwa ndi utsi malawi asanawafike.

Pa 14 June 2017 nyumba yosanja 24 yochedwa Grenfell Tower ku London inapsa, ndipo anafa anthu 72. Moto unayambira m'firiji, m'khichini ya nyumba ina ya pa nsanjika yacinai, nthawi isanakwane 1 koloko usiku. Munthu wa m'nyumba imeneyo anadzutsidwa ndi alamu ya utsi, anaitana ozimitsa moto, nadzutsa anansi ace, ndipo anapulumuka. Sindinena kuti alamu ikadapulumutsa onse ai, pakuti cimene cinapha anthu ambiri cotero ndi zipangizo zoyaka msanga zimene anakutira nazo kunja kwa nyumbayo, ndipo mlandu umenewo ndi wa anthu ena. Ndingonena kuti amene anali pafupi kwambiri ndi moto anatuluka wamoyo cifukwa kanthu ka pa siling'i kanali kosamangidwa pakamwa.

Zonsezi ndinakamuuza mnyamatayo Loweruka lotsatira. Anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti London ili kutali ndi mtima wace, ngakhale inali pafupi ndi thupi lace. Amene anatembenuza nkhani ndi mkazi wace. Anali cikhalire pa mpando ndi mwana pamiyendo, ndipo anati, "Atsibweni, kodi si zimodzimodzi ndi mbaula?" Pamenepo tonse tinakhala cete. Ine ndinagwirapo nchito m'cipatala cina ku Lusaka ndisanacoke, ndipo m'miyezi ya June ndi July tinali kulandira anthu amene anagona ndi mbaula m'cipinda cotseka. Ena anafika ndi mutu woopsa ndi kusanza, ena anafika atauma kale, nkhope zao ziri phee monga ali m'tulo. Malasha akamayaka mopanda mpweya wokwanira atulutsa carbon monoxide, yemweyo amene lamulo la ku England lichula, ndipo alibe pfungo kapena mtundu. Mkaziyo anataya mnzace wa kusukulu mwa njira imeneyi. Inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mudzayamba moyo m'kacipinda ka lendi ku Lusaka kapena ku Migodi, alamu mwina simudzaipeza, koma mbaula mudzakhala nayo. Muziitulutsa panja musanagone, ngakhale makala aoneke ngati azima.

Ndinacita tsono zimene ndinayenera kucita poyamba. M'khichini ndinaika alamu yomva kutentha. Pansi pa makwerero ndi pamwamba pace ndinaika za mtundu wa kadiso, ya pansi kutali ndi citseko ca khichini. Ndinasankha zokhala ndi batire lomatidwa mkati, losacotseka, lokhala zaka 10, ndiponso zolumikizana, kuti imodzi ikalira zonse zilire. Ku Scotland nyumba iri yonse iyenera kukhala ndi zolumikizana zotere kuyambira mu February 2022. Ndinawaonetsa batani limene ukalikanikiza alamu ikhala cete kwa mphindi zowerengeka, ndi kudzukanso yokha. Ndinakonzetsa fani yokoka utsi m'khichini, imene ndinapeza kuti inafa kalekale. Ndalama zinapita zoculuka kuposa zimene ndinapulumutsa pogula zochipa.

Kenaka ndinacita cinthu cimene mpaka lero ciri kundidya. Ndinamlembera kalata. M'menemo ndinalemba tsiku limene ndinapeza sokosi, zimene ndinakonza, ndi pempho lakuti alamu ikabvuta andiuze msanga, asaigwire. Ndinalemba cifukwa khonsolo ikafunsa, kapena tsoka likagwa, mwini nyumba afunika kuonetsa kuti anacita zonse zimene akadatha, ndipo mau a pakamwa alibe umboni. Ndinamupempha asaine. Nthawi ino sanaseke. Anasaina ciimirire, nandibwezera colembera ndi manja awiri.

Pasanathe masiku atatu lamya inalira kucokera ku Katete.

"Alongo, ndamva kuti mwasanduka Mzungu. Mwana wanu mumlembera kalata ngati wakuba?"

Ndinayesa kufotokoza za lamulo ndi za khonsolo. Ndinati ngati kamwana kaja kakadafa m'nyumba yanga, amene akadaima pamaso pa mudzi wonse kuyankha ndine, ndipo osati monga mwini nyumba cabe, koma monga mwini mbumba.

"Mwini mbumba," anatero mlongo wanga, "amaitana mwana, akhala naye pansi, adya naye, ndiyeno amdzudzula. Pepala ndi la anthu osadziwana. Atsibweni athu anakulemberani kalata liti?"

Ndinasowa coyankha, pakuti atsibweni athu sanadziwe kulemba, komanso analibe nyumba ku Coventry. Ndikaganiza tsopano ndiona kuti kalatayo sindikadaileka, ndipo mawa nditapezanso sokosi ndidzalembanso. Cimene ndinalakwa ndi ndondomeko yace. Ndikadayamba ndi kubvomera pamaso pace kuti alamu yoipa ndinaika ndine, ndikadamuuza kuti pepalali ndi la khonsolo osati la mtima wanga, ndipo ndikadalitulutsa titasamba m'manja. Ine ndinalitulutsa m'cikwama ndisanakhale n'komwe pansi, monga mesenjala wa boma.

Kuyambira pamenepo lendi imafika pa tsiku loyamba la mwezi, yosacedwa ngakhale ola limodzi, pamene kale inali kucedwa sabata ndi kupepesa kwambiri. Ndinali kukonda kucedwa kuja.

M'mwezi wa May 2024 ndinawalembera cidziwitso cakuti ndidzabwera kudzaona nyumba, ndipo mkaziyo anayankha kuti ndifike nthawi ya nsima. Ndinapeza ali kukazinga kapenta, citseko ca khichini ciri cotsegula, fani iri kulira, siling'i iri zii. Tinadya. Mnyamatayo anandifunsa za nchito ndi za ana, ndipo pondipatsa madzi osamba m'manja anagwada pang'ono monga mwa mwambo, koma ponditsazika anati, "Mwafika bwino, a landilodi," ndipo sindinathe kudziwa ngati ali kuseka. Ndisanatuluke ndinapempha tsace. Kamwana kaja, kamene tsopano kanali kuyenda, kanathamanga kukalitenga kokha, kenaka kanatseka makutu ndi manja onse awiri ndisanakanikize batani. Ndinafunsa kuti kanadziwa bwanji. Mkaziyo anati atate ace amacita zimenezo mwezi uli wonse, tsiku limene atumiza lendi. Mnyamatayo anayang'ana pansi. Ndinakanikiza, maalamu onse atatu analira pamodzi, ndipo atangoleka tinamva ndodo iri kugogoda kuseri kwa khoma la kumanzere.